Thanki yanga imalowa madzi ochuluka bwanji? Mmisiri akuti malita 10,000, mwana akuti 39,250

"Aphunzitsi, ine ndine mlimi kuno ku Dowa, ndili ndi dimba la tomato ndi anyezi. Chaka chino ndamangitsa thanki yozungulira ya njerwa kuti pampu ya sola izidzazamo madzi masana ine ndizithirira madzulo. Tinagwirizana ndi mmisiri kuti ikhale ya malita 10,000, iye anati mamita 2.5 kukula ndi mamita 2 msinkhu zikwana. Mwana wanga wa Fomu 3 atawerengera anapeza malita 39,250, koma ine nditayesa kutungira mu mgolo wa malita 200, madzi anathera pa mgolo wa 29. Ndani akunena zoona apa? Kodi mmisiriyu wandibera? Mundithandizenso mmene ndingadziwire kuchuluka kwa mchenga umene a lole amanditsitsira komanso chimanga cha mu nkhokwe, ndatopa ndi kumangouzidwa."

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu, ndipo choyamba mtima ukhale pansi. Pa manambala atatu mwandipatsawa yoona ndi yanuyo ya migolo 29, amene ndi malita 5,800, chifukwa madziwo munawatunga nokha ndi manja anu. Koma enawo sanalote ayi, nambala ya mmisiri ili ndi kumene yachokera, ya mwana wanunso ili ndi kumene yachokera, ndipo nditangowerenga uthenga wanu ndinazizindikira zonse ziwiri pompo chifukwa ndakhala ndikukumana nazo zaka zambiri, mkalasi komanso kwa anthu amene amabwera kunyumba kuti ndiwawerengere za zomangamanga.

Tiyambe ndi chinthu chimene ana amachitcha voliyumu kusukulu. Ndi malo a mkati mwa chinthu basi, kuti mungalowe zinthu zochuluka bwanji. Kabokosi ka masentimita 10 mulitali, 10 mulifupi ndi 10 msinkhu kamalowa lita imodzi ndendende. Bokosi la mita imodzi mbali zonse, limene timati kyubiki mita, limalowa malita 1,000, ndiye kuti migolo yanuyo isanu, kapena ndowa 50 za malita 20. Nambala imeneyi muisunge pamtima chifukwa china chilichonse chimene tiwerengere pano chidutsa pomwepo. Musungenso kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kyubiki mita imodzi ya madzi ndi tani yathunthu.

Tsopano chinthu chilichonse chimene makoma ake ali chilili, chofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, lamulo lake ndi limodzi: kukula kwa pansi pake kuchulukitsa ndi msinkhu. Ine mkalasi ndinkabwera ndi ndalama zachitsulo, ndimaika imodzi patebulo kenako ndikusanjikiza zina pamwamba mpaka zitapanga kachipilala, ndiye ndimafunsa ana kuti chasintha ndi chani, pansi kapena msinkhu? Pansi ndi pomwe paja, changokwera ndi msinkhu. Chipinda, dzenje la chimbudzi, bodi ya lole, mgolo, chitsime, thanki, zonsezi ndi nkhani imodzi, kusiyana kwake ndi mmene mupezere kukula kwa pansipo. Pakakhala pa makona anayi ndi mulitali kutaimusa mulifupi. Pakakhala pozungulira ndi 3.14 kutaimusa rediyasi, kutaimusanso rediyasi yomweyo.

Apa ndi pamene mwana wanu anapunthwa. Mamita 2.5 aja ndi dayamita, kuchokera mbali ina kudutsa pakati kukafika mbali inayo, pamene rediyasi ndi theka lake, kuchokera pakati penipeni kukafika kukhoma. Iye anatenga 3.14 × 2.5 × 2.5 × 2 nkupeza 39.25, amene ndi malita 39,250 aja. Fomula anaikumbukira bwinobwino, kusintha kupita ku malita anakhoza, anangoiwala kugawa pawiri poyamba. Ndipo chifukwa rediyasi imalowa kawiri mu samuyo, kulakwitsa kwakeko kukukulitsa yankho kanayi osati kawiri. Chonde musamukalipire, pa mapepala onse amene ndachongapo a mutu umenewu cholakwika ichi ndiye chimabwerabwera kuposa china chilichonse, ngakhale kwa ana anzeru kwambiri. Mungomuuza abwereze ndi 1.25, apeza 3.14 × 1.25 × 1.25 × 2 = 9.81, ndiye kuti malita 9,800 ndi kakusefukira pang'ono.

Mwaiona nambala ya mmisiri ija? Ndi imeneyi, anangoikweza pang'ono kuti ikhale 10,000. Ndiye samu anaichita bwino, vuto ndi lakuti miyeso imene anagwiritsa ntchito ndi ya kunja kwa thanki, pamene madzi amakhala mkati. Mukayeza mupeza kuti khoma lanu mwina ndi lija amisiri amati la mainchesi 9, amene ndi masentimita pafupifupi 23, ndipo khomalo lili mbali zonse ziwiri ndiye masentimita 46 apita. Onjezerani pulasitala, tinene masentimita 2 uku 2 uko, mkati mwatsala mamita 2 okha, rediyasi mita imodzi. Msinkhu nawonso suli 2 yense, pansi pali simenti imene inadya malo, pamwamba pali paipi yotayira madzi akadzaza, ndiye madzi mwina amalekera pa mamita 1.85. Werengerani tsopano: 3.14 × 1 × 1 × 1.85 = 5.81, malita 5,810. Gawani ndi 200, ndi migolo 29 yanu ija.

Anthu ambiri amadabwa kuti khoma lokha lingadye gawo lalikulu chonchi la thanki bwanji. Chifukwa chake ndi rediyasi yolowa kawiri ija, kuchoka pa 1.25 kufika pa 1 kumaoneka ngati pang'ono pa tepi, koma 1.25 × 1.25 ndi 1.56 pamene 1 × 1 ndi 1, ndiye gawo loposa limodzi mwa magawo atatu lapita msinkhu tisanaukhudze nkomwe.

Kodi wakuberani? Ine sindikuona kuba apa, njerwa ndi simenti zimene munalipira zili pompo pathankipo, ndikuona munthu amene anajambula bwalo pansi ndi chingwe cha mamita 1.25 nkumanga njerwa mkati mwa mzere mmalo mwa kunja kwake. Komabe munagwirizana malita 10,000 ndipo simunawapeze, ndiye muli ndi chifukwa chomveka chokhalira naye pansi. Mupite naye pathanki, tepi mmanja, muyezere limodzi mkati, samu muichitire pamaso pake pa foni. Zikatero nkhani imayenda bwino kusiyana ndi kuyamba ndi mawu akuti wandibera.

Chimene ndikukuletsani ndi ichi, ndipo apa ndikunenetsa: musalole kuti angowonjezera njerwa pamwamba kuti ifike pa 10,000. Kuti thanki ya rediyasi mita imodzi ilowe malita 10,000 madzi ayenera kufika mamita 3.2, ndipo madzi akamakwera mphamvu imene amakankhira khoma cha mmunsi imakweranso, mita iliyonse ya kuya imawonjezera mphamvu yofanana ndi tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Khoma ndi maziko zimene anamangira madzi a mamita 1.85 sizinakonzekere zimenezo, ndipo thanki ya njerwa ikamaphulika sichenjeza, khoma limangogwa kamodzi, ngati pali mwana pafupi ndi maliro. Akanati amange yotambalala kuyambira pachiyambi, mkati mamita 2.65 pa msinkhu womwewu, bwenzi mukupeza malita pafupifupi 10,200, ngakhale yotambalalayo nayo imafuna waya wokwanira wozungulira mkhoma. Panopa njira zabwino ndi ziwiri, kumanga ina yachiwiri pambali nkuzilumikiza ndi paipi cha mmunsi, kapena kungosintha kathiriridwe, kuthirira mmawa ndi madzi ogonera kenako pampu idzaze muthirire masana, idzazenso dzuwa lisanalowe kuti mukhale ndi ogonera ena, thanki yomweyo yakupatsani malita 11,600 pa tsiku ngati pampu ndi chitsime zikukwanitsa.

Ndipo musanawononge ndalama ina muone kaye ngati 10,000 yo ndi imene mukufunadi. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, samu yomwe ija ya pansi kuchulukitsa msinkhu. Tiyerekeze kuti mu Okutobala mukuthira mamilimita 5 pa tsiku. Dimba la mamita 20 kwa 20 ndi masikweya mita 400, ndiye malita 2,000 pa tsiku, thanki yanuyi ikukwana mpaka kutsala. Koma ekala yathunthu ndi masikweya mita 4,047, imeneyo ifuna malita opitirira 20,000 pa tsiku, ngakhale ya 10,000 ija sikanakwana. Mamilimita enieni oyenera mbewu zanu ndi dothi lanu akuuzani ndi alangizi a zaulimi a mdera lanulo, inu mukangochulukitsa ndi kukula kwa dimba.

Za mchenga tsopano. Nthawi yabwino yoyezera ndi usanatsitsidwe, chifukwa bodi ya lole ndi bokosi chabe. Mkati mamita 3 mulitali, 1.8 mulifupi, mchenga wasalazidwa kufika masentimita 50, ndiye 3 × 1.8 × 0.5 = makyubiki mita 2.7. Taonani kuti ndalemba 0.5 osati 50. Miyeso yonse izikhala ya mtundu umodzi musanayambe kutaimusa, kaya mamita okhaokha kaya masentimita okhaokha. Munthu wina anabwera kwa ine nkhope ili gwaa, akuti silabu yake ya mamita 3 kwa 3 yokhuthala masentimita 15 ikufuna konkire wa makyubiki mita 135, anali atayamba kale kuganiza zoisiya ntchitoyo, pamene yankho ndi 3 × 3 × 0.15 = 1.35 basi. Mukasankha masentimita okhaokha yankho mugawe ndi 1,000 kuti mupeze malita, ndipo mudziwe kuti mu kyubiki mita muli makyubiki sentimita 1,000,000 osati 100 ngati mmene ambiri amaganizira.

Akatsitsa kale inu kulibe, muluwo umakhala wosongoka pamwamba ngati denga la nyumba yozungulira, ku masamu timati koni. Koni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a silinda (chinthu chooneka ngati mgolo kapena thanki yanuyo) yofanana nayo pansi ndi msinkhu, ndiye mumawerengera ngati thanki kenako nkugawa ndi 3. Ana sankakhulupirira zimenezi mpaka titayesa, tinkapinda pepala lolimba kukhala koni yofanana kukamwa ndi msinkhu ndi chitini, nkumadzaza mchenga kuthira mchitinimo, kachitatu chitini chadzaza ndendende, kalasi yonse kuwomba mmanja. Piramidi, mulu wosongoka wa makona anayi pansi, nayonso ndi chimodzimodzi, gawo limodzi mwa atatu a bokosi lake.

Vuto la mulu ndi lakuti simungadutsitse tepi pakati pake, ndiye tengani chingwe muzungulize pansi pa muluwo, muyeze chingwecho, mugawe ndi 6.28, mwapeza rediyasi. Izi zimatheka chifukwa 3.14 ija si nambala yamatsenga, ingotanthauza kuti kuzungulira bwalo lililonse ndi katatu ndi kapang'ono kuyerekeza ndi kudutsa pakati pake, yesani pa ndowa kapena pa mbale muona. Tinene chingwe chakwana mamita 9.4, rediyasi ndi 1.5. Msinkhu muyeze choongoka, imikani ndodo pambali pa mulu wina aone patali pamene nsonga yalekera, osayeza motsetsereka mmbali mwa mulu ayi chifukwa kumeneko nkotalikirapo. Ukakhala mita imodzi, 3.14 × 1.5 × 1.5 × 1 ÷ 3 = 2.36. Ngati munalipira makyubiki mita 4 ndiye pali pofunsa, koma kusiyana kwa pang'ono musakangane nako, mulu sukhala koni yeniyeni ndipo mchenga wonyowa umafufuma kusiyana ndi wouma. Wilibala yanu muiyeze kamodzi ndi ndowa kuti mudziwe malita ake, mawilibala amasiyana.

Nkhokwe ndi silinda ngati thanki yomweyo, ndipo samu imeneyi ndi yakale kwambiri. Ku British Museum ku London kuli mpukutu wakale wa gumbwa wa ku Egypt wotchedwa Rhind, amene mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera cha mma 1550 BC, ndipo imodzi mwa samu zake ndi ya nkhokwe yozungulira ya mikono 9 kudutsa pakati ndi mikono 10 msinkhu. Yankho lake anapeza 640, ife ndi 3.14 yathuyi timapeza 636, ndiye funso lanuli alimi ndi osunga tirigu akhala akulifunsa kwa zaka zoposa 3,500. Yanuyo tiyerekeze mkati ndi mamita 1.6, rediyasi 0.8, chimanga chafika mamita 1.5: 3.14 × 0.8 × 0.8 × 1.5, makyubiki mita atatu. Chimanga chotong'ola chouma bwino chimalemera makilogalamu pafupifupi 720 pa kyubiki mita, amene ndi matumba 14 a makilogalamu 50, ndiye chikanakhala chotong'ola bwenzi tikunena matumba 42. Koma mu nkhokwe mumakhala chosatong'ola, zitsononkho ndi mipata zimadya pafupifupi theka la malo, chikakhala ndi makoko ndiye kuposa apo, choncho matumba 20 kapena kucheperapo. Njira imene ndimaikonda ndi iyi: dzazani ndowa zinayi ndi chimanga monga chilili mu nkhokwemo, mutong'ole, muone kuti chakwana ndowa zingati. Chikakwana ndowa imodzi ndi theka ndiye kuti pa ndowa 150 zimene zili mu makyubiki mita atatu aja mupeza ndowa 56 za chotong'ola, ndipo poti thumba limodzi ndi ndowa zitatu ndi theka zosasefukira, ndi matumba 16. Kuyeza kotereku kumaposa nambala ya mbuku chifukwa mbewu zimasiyana, cha makolo ndi cha haibulidi sizifanana chitsononkho.

Ndowayo payokha si silinda yeniyeni poti kukamwa nkotambalala kuposa pansi. Fomula yake yeniyeni ilipo, mwana wanu akumana nayo, koma pa ntchito ya pakhomo ingotengani rediyasi ya pakati. Kukamwa masentimita 30, pansi 24, pakati pake 27, rediyasi 13.5, msinkhu 35: 3.14 × 13.5 × 13.5 × 35 ikupatsani makyubiki sentimita 20,029, malita 20. Fomula yeniyeni imapereka 20,112, kusiyana kwake sikukwana ndi kapu imodzi.

Chatsala ndi chozungulira ngati mpira, ana amati sifiya. Pamenepa rediyasi imalowa katatu: 4 × 3.14 × rediyasi × rediyasi × rediyasi ÷ 3. Mpira wa miyendo wa saizi 5 rediyasi yake ndi masentimita pafupifupi 11, ndiye mkati mwake ndi malita 5 ndi theka. Amene anatulukira zimenezi ndi Archimedes, katswiri wa masamu wa Chigiriki wa ku Syracuse, amene anamwalira mu 212 BC, anaonetsa kuti mpira umatenga magawo awiri mwa atatu a silinda imene waukwana ndendende, ndipo anazikonda kwambiri moti anapempha kuti chithunzi cha mpira mkati mwa silinda chiikidwe pamanda ake. Pa ulimi wanu phindu lake lili pa rediyasi yolowa katatuyo. Tomato wa masentimita 8 kudutsa pakati poyerekeza ndi wa masentimita 6 amaoneka wamkulu pang'ono chabe, koma 8 × 8 × 8 ndi 512 pamene 6 × 6 × 6 ndi 216, ndiye mmodzi wamkuluyo akuposa awiri aang'ono. Muziganizira zimenezi mukamaika mitengo pa milu. Zinthu zopanda maonekedwe enieni monga mtsuko kapena chipanda musavutike nazo ndi fomula, dzazani madzi muyeze ndi botolo la lita.

Pali malo angapo pamene samu ya pakhomoyi iyenera kulekera nkuitana wodziwa. Thanki yanu ikadzaza muli matani pafupifupi 6 a madzi osawerengera njerwa, ndiye mukaona mng'alu woyenda chokwera pakhoma, kapena pansi pakunyowa mbali imodzi, kapena thanki ikupendekeka, tsitsani madzi tsiku lomwelo ndipo muitane injiniya kapena katswiri wa za ulimi wamthirira kudzera ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu, osangomata simenti pamwamba. Chimodzimodzi mukadzafuna kukweza thanki ya pulasitiki pa chitsulo, ya malita 5,000 ndi matani 5 ali mmwamba, miyendo yake ndi maziko awerengere ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Ndipo poyeza chitsime musalowemo, mzitsime zakuya mpweya wabwino umatha munthu nkukomoka asanakuwe nkomwe. Mangani mwala ku chingwe, tsitsani mpaka pansi, mbali yonyowayo ndiye kuya kwa madzi. Chitsime cha mamita 1.2 kudutsa pakati chokhala ndi madzi akuya mamita 3 chili ndi 3.14 × 0.6 × 0.6 × 3, malita pafupifupi 3,400, ndiye ngati chanu chili chotero thanki yanu singadzaze kamodzi pokhapokha chitsimecho chizibwezeretsa madzi msanga pamene pampu ikukoka. Muyeze madzi pampu isanayambe, muyezenso itangozima, kenako pakatha ola limodzi, muona liwiro limene chimabwezeretsera.

Mwana wanuyo mumupatse tepi Loweruka likubwerali thanki ili yopanda madzi, ayeze yekha mkati kuchokera khoma kufika khoma malo awiri osiyana poti thanki ya njerwa sikhala yozungulira ndendende, atenge nambala ya pakati, ayezenso kuchokera pansi kufika pa paipi yotayira ija. Mutu umenewu amautcha mensuration ndipo akumana nawo pa mayeso a MSCE, ndiye asamangolemba yankho, azilemba poyamba kuti dayamita ndi iyi, rediyasi ndi iyi, pa mzere wakewake. Akapeza nambala yapakati pa 5,600 ndi 6,000 ndiye kuti zonse zili monga ndafotokozera. Ikakhala yoposa pamenepo ndi malita mazana angapo pamene migolo ikuthera pa 29 pomwe paja, dzazani thanki madzulo, lembani mzere ndi choko pamene madzi alekera, mutseke mipope yonse nkukaonanso mmawa. Pa thanki yanuyi sentimita iliyonse imene madzi atsike ndi malita 31, ndiye mukapeza atsika masentimita angapo usiku umodzi ndiye kuti ikudontha penapake, mundilembere manambalawo tione limodzi.